Ya petulo mumasonkha, nanga ya matayala?

Lolemba lina m'mawa kunafika Honda Fit pamalo pomwe ndimakonzera matayala. Mwini wake ndi bambo wa ku Chitungwiza yemwe amanyamula anzake anayi tsiku ndi tsiku kudzera mu Seke Road kupita m'tauni ya Harare. Onsewo ndi anzathu olankhula Chichewa, ana a makolo omwe anabwera kudzagwira ntchito kuno ku Zimbabwe kalekale, ndipo Lachisanu lililonse amasonkherana ndalama ya petulo. Tayala lakumbuyo linali ndi chotupa ngati dzira m'mbali mwake. "Amisiri, ingopopani tifike kumapeto kwa mwezi," anatero. Ndinakana, ndipo sanasangalale nane.

Kukwerera galimoto imodzi ndi nzeru yabwino. Mumapewa kulimbirana maminibasi a kombi, mumafika kuntchito nthawi yake, thumba limapumako. Chomwe chimandidetsa nkhawa n'chakuti msonkhewo umathera mu thanki. Matayala amasiyidwa m'manja mwa mwini galimoto yekha, ndipo iyeyo akapanikizika amathamangira ogwiritsidwa kale ntchito kumsika wa Siyaso ku Mbare kapena mu Kaguvi Street.

Tayang'anani m'mbali mwa tayala lanu. Pa Fit zambiri zakale pamalembedwa 175/65 R14 82. Nambala 82 ikutanthauza kuti tayala limodzi lingasenze makilogalamu 475, koma pokhapokha mpweya uli wokwanira. Anthu atatu akakhala kumbuyo, m'buti muli thumba la ufa ndi zikwama, kulemera kwambiri kumagwera matayala akumbuyo. Mpweya ukachepa, mbali ya tayala imapindika ndi kuwongoka pa kuzungulira kulikonse, imatentha, ndipo ulusi wam'kati umayamba kulekana ndi mphira. Likagunda dzenje lili choncho, limapanidwa pakati pa rimu ndi m'mphepete mwa phula, ulusi n'kuduka. Chotupa chija chimabadwa motero. Palibe chigamba chomwe chingalumikize ulusi woduka, ndipo tayala lotere limaphulika osachenjeza.

Mlingo woyenera wa mpweya walembedwa pa kachikwangwani kali pa felemu ya chitseko cha dalaivala. Pimani m'mawa matayala asanatenthe, osachepera kamodzi pamwezi, osaiwala la sipeya. Kumenya tayala ndi phazi sikupima.

Ngati mukugula logwiritsidwa kale ntchito, funani pomwe palembedwa DOT m'mbali mwake. Manambala anayi otsiriza amanena sabata ndi chaka chomwe linapangidwa: 2318 ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2018. Mphira umakalamba ngakhale mizere ikuoneka yakuya, n'chifukwa chake opanga matayala ambiri amalangiza kuti lopitirira zaka 10 lichotsedwe. Kenako lowetsani chala m'mizere. Mupeza timilatho ting'onoting'ono totalika mamilimita 1.6. Pamwamba pa tayala pakafanana ndi timilathoto, latha. Mizereyo ntchito yake ndi kukankhira madzi kunja, ndipo mvula ya Disembala ikasefukira mumsewu, tayala losalala limayandama pamadzi, chiwongolero n'kupepuka m'manja, mabuleki osagwira. Ndalama ikangokwana awiri okha, atsopanowo aikeni kumbuyo. Ambiri amanditsutsa pamenepa, koma kumbuyo kukaterereka galimoto imatembenuka, ndipo ndi madalaivala ochepa omwe angaibweze.

Ine sindine munthu wotaya zinthu. Ndinakulira m'nyumba momwe mayi ankasandutsa thaulo lotha kukhala chokolopera, ndipo mphika wobooka unkakhala chodyera nkhuku. Tayala nalonso lili ndi moyo wachiwiri. Amisiri a ku Mbare amadulamo nsapato zomwe anzathu Achishona amati manyatera, ena amalukira zopondera pakhomo. Kwathu ndinadula lina pakati kukhala chomwera nkhuku, lina ndinamangirira pa mtengo wa mango kuti adzukulu azichitirapo katungwe. Lakatungwelo ndinaliboola pansi, chifukwa madzi akadikha m'tayala udzudzu umaswana. Ndipo chonde musamawotche matayala m'nyengo yozizira kuti muothe. Utsi wakuda uja umawononga mapapo, makamaka a ana.

Bambo uja ndinamuuza kuti akakambirane ndi anzakewo kuti pa msonkhe wa Lachisanu aziwonjezerapo kangachepe, kosungidwa padera, ka matayala ndi mabuleki. Anachita manyazi poyamba, akuti aoneka ngati akuchita malonda ndi abale ake. Ndinamukumbutsa kuti amene amakhala pamwamba pa tayala lotupalo si iyeyo, ndi mayi yemwe amakhala mpando wakumbuyo. Tinaika la sipeya, anapita pang'onopang'ono, ndipo Loweruka anabwera ndi mmodzi wa okwera nawo kudzagula awiri. Lotupa lija ananyamula mayiyo, akuti akadzalamo maluwa pakhonde.