Mipikisano ikatha, bwererani m'madzi

Ku Britain mipikisano ya triathlon imachitika kuyambira cha mu Meyi mpaka kumapeto kwa Seputembala. Ikangofika Okutobala dzuwa limayamba kulowa msanga, misewu imaterera, ndipo malo ambiri osambirira a panja amatseka kapena kuchepetsa maola. Apa ndi pamene anthu ochita masewerawa mongowakonda, manesi, aphunzitsi, oyendetsa mabasi, amafunsa kuti miyezi 7 yopanda mpikisanoyi aichite nayo chiyani. Ambiri amaimika njinga pabalaza n'kumapalasa akuonera kanema mpaka Malichi. Ine monga mphunzitsi wa kusambira ndimawauza kuti njinga idikire kaye, miyezi imeneyi ndi ya madzi.

Kwa amene simukuwadziwa masewerawa, munthu amasambira, kenako kupalasa njinga, n'kumalizira kuthamanga, zonsezi mosapumira. Anayambira ku San Diego mu 1974, ndipo analowa m'masewera a Olympics ku Sydney mu 2000. Mtunda wa ku Olympics ndi mamita 1,500 m'madzi, makilomita 40 panjinga ndi makilomita 10 othamanga. Wa Ironman, womwe unayambira ku Hawaii mu 1978, ndi makilomita 3.8, 180 ndi 42.2. Mukawerengera nthawi muona kuti kusambira n'kochepa: munthu wamba womaliza mtunda wa ku Olympics m'maola atatu amakhala m'madzi mphindi 30 kapena 35 basi. N'chifukwa chake anthu amapeputsa kusambirako. Amati ndingopulumukamo, ndikawapeza panjinga.

Komatu ngozi yaikulu ili m'gawo lalifupilo. Ofufuza a ku America ataunika mipikisano ya kumeneko kuyambira 1985 mpaka 2016 anapeza anthu 135 omwe anamwalira kapena mtima wawo unaima, ndipo 90 mwa iwo zinawachitikira akusambira. Ambiri anali amuna a zaka zapakati, ndipo ena anali ndi nthenda ya mtima yomwe sankaidziwa. Poyerekeza ndi unyinji wa opikisana, imfa zotere ndi zochepa, sizifika 2 pa anthu 100,000, choncho musathawe masewerawa. Koma bambo wopitirira zaka 40 amene akuyamba kumene, kapena amene kubanja kwawo wina anamwalirapo mwadzidzidzi ndi mtima, nthawi yabwino yokaonana ndi dokotala ndi ino, osati kutatsala sabata kuti apikisane.

Chimene chimadabwitsa anthu obwera kuchokera kothamanga n'chakuti mphamvu zawo sizigwira ntchito m'madzi. Munthu womaliza marathon bwinobwino amasambira mamita 50 n'kugwira khoma ali wefuwefu, pomwe agogo ena munjira yoyandikana nayo akungodutsa mwakachetechete ulendo ndi ulendo. Chifukwa chake n'chakuti madzi ndi olemera kuposa mpweya pafupifupi maulendo 800. Mukafuna kuwirikiza liwiro kawiri, madzi amakukanizani pafupifupi kanayi. Ndiye wopambana m'madzi ndi amene wachepetsa kukanizidwako, ndipo limeneli ndi luso lochita kuphunzira pang'onopang'ono, nthawi imene palibe mpikisano wokuthamangitsani.

Vuto loyamba ndi miyendo. Mapapo ali m'chifuwa ndipo ndiwo amayandamitsa thupi, pomwe miyendo ya wopalasa njinga ndi minofu ndi mafupa okhaokha, motero imamira. Mukadzutsa mutu kuti muone kutsogolo, chiuno chimatsikiratu. Thupi limakhala ngati bwato lomwe katundu yense wamuunjika kumbuyo: mphuno m'mwamba, kumbuyo m'madzi, ndipo kaya mupalase chotani silithamanga. Mankhwala ake ndi kuyang'ana pansi, kutsamira pang'ono pachifuwa, ndi kumenya miyendo pang'onopang'ono kuchokera m'chiuno osati m'mawondo. Akakolo a othamanga amakhala ouma, zala zimaloza pansi n'kumakoka madzi. Kukhala chogwada utakhalira zidendene mphindi zingapo madzulo aliwonse kumawafewetsa, ngakhale zimatenga miyezi.

Lachiwiri ndi kupuma, ndipo apa ndimachedwapo ndi wophunzira aliyense. Anthu ambiri nkhope ikalowa m'madzi amasunga mpweya, ndiye akatembenuza mutu amafuna atulutse ndi kukoka nthawi imodzi. Sizitheka. Kubanika kumene mumamva kumachokera ku mpweya woipa umene waunjikana m'magazi, osati kusowa kwa mpweya wabwino. Nkhope ikakhala m'madzi muzitulutsa mpweya mosalekeza, m'mphuno kapena m'kamwa, kuti mutu ukatembenuka ntchito ikhale yongokoka. Potembenukapo diso limodzi litsale m'madzi. Munthu amene wagonjetsa zimenezi amakhala wasintha kusambira kwake konse asanakhudze n'komwe nkhani ya mikono. Za mikono ndinene mwachidule: chikhatho chilowe kutsogolo kwa phewa lake osadutsa pakati pa mutu, chigongono chikhale m'mwamba, ndipo madzi muziwakankhira kumbuyo, osati pansi.

Nanga kangati pa sabata? Ulendo umodzi wa maola awiri Loweruka umapindula zochepa poyerekeza ndi maulendo atatu kapena anayi a mphindi 40. Thupi limaiwala msanga kakhudzidwe ka madzi, komanso mukatopa luso limasokonekera, ndiye theka lachiwiri la ulendo wautaliwo mumangokhomerera zolakwika. Pemphani mnzanu akujambuleni ndi foni, ngati malamulo a padziwepo akulola. Pafupifupi aliyense akadziona koyamba amakana kuti si iyeyo.

Kuti mudziwe liwiro loyenera kuphunzirira, pali muyeso wosavuta umene makochi amautcha CSS. Mukatenthetsa thupi, sambirani mamita 400 mwamphamvu zanu zonse n'kulemba nthawi. Pumani mokwanira, kenako chitani chimodzimodzi pa mamita 200. Chotserani nthawi yachiwiri pa yoyamba, yankholo muligawe pawiri. Tiyerekeze kuti 400 yakutengerani mphindi 8, ndipo 200 mphindi 3 ndi masekondi 44. Kusiyana kwake ndi masekondi 256, theka lake 128, kutanthauza mphindi 2 ndi masekondi 8 pa mamita 100 aliwonse. Kamodzi pa sabata sambirani mamita 100 maulendo 10 pa liwiro limenelo, kupuma masekondi 15 pakati. Oyambirira adzaoneka ophweka mpaka mudzafuna kuthamanga. Dzigwireni, chifukwa achisanu ndi chitatu ndiwo adzakuuzeni zoona. Bwerezani muyesowu pakatha milungu 6. Muziwerenganso kuti mikono mukuiponya kangati pa mamita 25. Nambalayo ikamatsika liwiro lili lomwelo, ndiye kuti zikuyenda, paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Timapulasitiki tovala m'manja tija, totchedwa paddles, musatithamangire. Timakuza mphamvu, komanso timakuza cholakwika chilichonse, ndipo amalipira ndi mapewa. Timinofu ting'onoting'ono togwira phewa timalimba bwino ndi lamba wa labala kunyumba, mphindi 10 kawiri pa sabata.

Dziwe losambiramo lili ndi chinyengo chake. Madzi ndi oyera, ofunda madigiri 27 kapena 28, pansi pali mzere wakuda wokutsogolerani, ndipo mamita 25 aliwonse pali khoma lopumirapo. Pampikisano zonsezi kulibe. Madzi ndi akuda bii, mafunde akukumenyani kumaso, chigongono cha mnzanu chagwetsa magalasi anu, wina wakukwerani pamsana. Anthu amene amawatulutsa m'madzi pa mamita 200 oyambirira nthawi zambiri sanatope, anangogwidwa ndi mantha. Zinthu zimenezi mungathe kuziyeserera m'dziwe momwemo. Njira ikakhala yopanda anthu, tsinzinani n'kuponya mikono maulendo 10, muone kumene mwakhotera. Phunzirani kusuzumira kutsogolo, maso okha pamwamba pa madzi, mukaponya mikono ka 6 kapena ka 8. Phunzirani kupumira mbali zonse ziwiri, chifukwa tsiku lina mafunde kapena dzuwa lidzakhala mbali imene munazolowera. Tembenukani osagunda khoma. Lowani anthu atatu munjira imodzi, phewa ndi phewa, mpaka kukhudzana kusiye kukudzidzimutsani. Kutsatira mapazi a mnzanu n'kololedwa posambira ndipo kumapulumutsa mphamvu zambiri, koma nakonso n'kochita kuzolowera.

Tsopano za kunja, zomwe anthu amazikonda kwambiri kuposa kuwerenga mizere ya m'dziwe. Kusambira m'madzi ozizira kwatchuka zedi ku Britain zaka zapitazi, ngakhale si kwachilendo: kalabu yosambira ya pa kanyanja ka Serpentine mu London yakhala ikuchita mpikisano wa tsiku la Khirisimasi kuyambira 1864. Mu Januwale madzi a m'nyanja zing'onozing'ono za kumeneko amatsika kufika madigiri 5 kapena kucheperapo, ndipo madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira kwambiri kuposa mpweya. Pulofesa Mike Tipton wa ku yunivesite ya Portsmouth wafufuza nkhaniyi zaka zambiri, ndipo anaonetsa kuti choopsa choyamba si kuzizidwa kwa thupi lonse ayi. Ndi mphindi yoyamba. Khungu likakhudza madzi osafika madigiri 15, munthu amakoka mpweya mwadzidzidzi osafuna, amapuma mothamanga, mtima umagunda kwambiri ndipo magazi amathamanga. Mukakoka mpweya umenewo mutu uli pansi pa madzi, ndiye kuti mwakokera madzi m'mapapo. N'chifukwa chake bungwe lopulumutsa anthu panyanja la RNLI limalangiza kuti wogwera m'madzi ozizira ayambe wagona chagada n'kuyandama mpaka kupuma kukhazikike.

Mukadutsa pamenepo, mikono imayamba kuchita dzanzi ndi kufooka, moti ngakhale katswiri amalephera kusambira. Ndipo mukatuluka thupi limapitirizabe kuzizira kwa kanthawi, kunjenjemera kwenikweni kumabwera patapita mphindi 10 kapena kuposerapo. Valani msanga kuyambira kumtunda, imwani chofunda, musathamangire kusamba madzi otentha kapena kuyendetsa galimoto. Lowani pang'onopang'ono, osadumphira, osakhala nokha, ndipo mukoke kathumba koyandama kowala kuti muzioneka.

Maganizo anga ndi akuti kudziviika kwa m'nyengo yachisanu si maphunziro a kusambira. M'mphindi zitatu zala zili gwa palibe luso limene mungaphunzire. Phindu lake ndi lina: kulowa m'madzi ozizira maulendo 5 kapena 6 afupiafupi kumachepetsa kudzidzimuka kuja pafupifupi ndi theka, ndipo kuzolowerako kumakhala miyezi ingapo. Munthu wotere akadzalowa m'nyanja ya madigiri 13 pampikisano woyamba wa mu Meyi, thupi lake silichita chipolowe. Zimenezo zokha n'zokwanira. Kupikisana kuti ndani akhalitsamo n'kopanda nzeru.

Zina zonse za kunja, kukwera mapiri a ku Lake District, kupalasa njinga m'matope, kuthamanga makilomita 5 a parkrun Loweruka m'mawa, chitani momasuka ndipo wotchi muisiye kunyumba. Alistair Brownlee, amene anapata golide wa triathlon ku Olympics mu 2012 ndi 2016, anakula akuthamanga m'mapiri a ku Yorkshire pamodzi ndi mng'ono wake Jonny. Nthaka yokwera ndi kutsika imalimbitsa akakolo ndi chiuno m'njira imene msewu wa tala sungathe. Ingokumbukirani kuti mu Disembala kumpoto kwa England kumada 4 koloko isanakwane. Anzathu a ku South Africa kalendala yawo ndi yotembenuka, nyengo yopuma imagwa pakati pa chaka, ndipo mpikisano wosambira wa Midmar Mile wa mu Febuluwale ku KwaZulu-Natal ndi poyesera pabwino kusambira pakati pa chikhamu cha anthu.

Amene mumapita kumudzi pa Khirisimasi muli ndi mwayi umene anzanu a ku Leeds angausirire. Nyanja ya Malawi nthawi imeneyo ndi yofunda ngati dziwe, choncho wetsuit, suti ya labala yosambirira m'madzi ozizira, isiyeni. M'madzi ofunda imatenthetsa thupi moopsa, n'chifukwa chake a Ironman salola olimbirana mphoto kuivala madzi akapitirira madigiri 24.5. Popanda iyo, m'madzi opanda mchere, mudzaona bwino ngati miyendo ija yasiyadi kumira. Sambirani m'mawa motsatira gombe, wina akuperekezeni pabwato, ndipo kukayamba kugunda mabingu tulukani. Funsani asodzi za ng'ona ndi mvuu, makamaka pafupi ndi mabango ndi pamene mitsinje ikuthira m'nyanja.

Ndiye pali likodzo. Tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi ndipo timalowera pakhungu, simuchita kufunika kumwa madziwo. Timachuluka m'madzi osaya a m'mphepete pafupi ndi midzi, ndipo Cape Maclear ndi amodzi mwa malo odziwika nalo. Munthu angathe kukhala nalo nthawi yaitali osamva kanthu. Kuyezetsa mutangotuluka m'madzi sikuonetsa kanthu, ndipo mankhwala ake, praziquantel, amagwira bwino tizilomboto titakula, choncho dikirani miyezi iwiri kapena itatu. Mukabwerera ku Britain muuzeni dokotala wanu mwachindunji kuti munasambira m'nyanja ya Malawi ndi mwezi umene munasambira, chifukwa payekha sangaganize zoyeza nthenda imeneyi.