Mpeni wakale wa chigwiriro cha fupa: lekani kuuwalitsa

Pafupifupi aliyense wonditumizira chithunzi cha mpeni wakale wopinda amayamba ndi mawu omwewa: "Ndautsuka kale kuti muuone bwino." Ndikangowerenga zimenezo mtima umandigwa, chifukwa ndimadziwiratu chimene ndikaone. Chitsulo chili waliwali koma chodzaza mikwasa ya sandipepa, zilembo za patsinde, pamene chitsulo chimalowera m'chigwiriro, zafufutika theka, fupa la chigwiriro layera mbuu chifukwa lagona mu Jik usiku wonse. Ntchito yanga kuno ku Britain ndi kukonza mipeni yakale ndi kuuza eni ake zaka zake ndi mtengo wake, ndipo zimandiwawa kuuza munthu kuti chinthu chimene chinapirira zaka 80 m'matumba a anthu wachiwononga yekha masana amodzi. Chonde, bwerani nawo mpeniwo uli wakuda choncho.

Fupa limene mukulionalo nthawi zambiri ndi la msongolo wa ng'ombe, chifukwa ndilo lokhuthala ndi lolimba mokwanira. Kufakitale ankalicheka timapale, n'kuligoba timaenje ndi makina, kenako n'kulinyika mu utoto. Ogulitsa amalemba kuti jigged bone. Timaenjeto tinkathandiza kuti mpeni usaterereke m'dzanja lonyowa, komanso tinkatsanzira nyanga za agwape akunja zimene zinali zodula. Utoto umakhala wolimba m'maenjemo, pomwe pamwamba pamanka pakupepuka mtundu ndi kusalala chifukwa cha dzanja ndi thumba la mwini wake. Kusiyana kwa mitunduko, kwakuda pansi, kofiirira kapena kwachikasu pamwamba, ndiko osonkhanitsa mipeni amalipirira ndalama. Palibe mmisiri angakubwezeretse kukachoka. Ndikhoza kunyikanso fupa mu utoto, inde, koma aliyense wodziwa adzaona ali patali kuti ndi lonyikanso.

Chinanso, kagobedwe ka timaenjeto ndi umboni. Fakitale iliyonse inali ndi kagobedwe kake. Rogers ya ku Connecticut inkagulitsa mafupa ogobagoba kale kwa opanga mipeni angapo a ku America, ndipo mpaka lero anthu amati "Rogers bone" akaona timaenje take. Winterbottom ya ku New Jersey inkagoba mizere italiitali, ndipo mumaipeza kwambiri pa mipeni ya Queen. Ndikamaona mpeni, ndimayamba ndaona ngati fupa likugwirizana ndi dzina la patsinde ndi zaka zimene dzinalo likunena. Mukapala ndi sandipepa, mwandichotsera mboni imodzi.

Za chitsulo nazo anthu amasokoneza zinthu ziwiri. Chitsulo chosachita dzimbiri chinatulukira ku Sheffield mu 1913 kudzera mwa Harry Brearley, koma mipeni yambiri ya m'thumba inapitiriza kupangidwa ndi chitsulo cha kaboni kwa zaka zambiri pambuyo pake, poti chimanoleka bwino. Chitsulo chimenechi chimada ndi nthawi: chimasanduka chotuwa, pena chakuda, pena chabuluu pang'ono pamene chinkadula zipatso kapena nyama. Kumeneko si kuwonongeka ayi. Kudako kumathandiza kuteteza chitsulo, ndipo wogula wodziwa amakufuna. Choopsa ndi dzimbiri lofiira, lokhakhala, limene mukalipukuta ndi nsalu yoyera limasiya mtundu. Limenelo likudya chitsulo panopa ndipo liyenera kuchotsedwa, koma mofatsa, ndi dontho la mafuta a makina osokera ndi kamtengo kofewa kapena nsonga ya pensulo. Galayinda ilibe malo pa ntchito imeneyi.

Nchifukwa chiyani ndimalimbikira za patsinde? Pamenepo ndi pamene mpeni umanena zaka zake. Kupala chidindo n'chimodzimodzi kung'amba tsamba la chithunzi m'pasipoti. Tengani Case ya ku Bradford, Pennsylvania, imene ndiyo anthu ambiri amasonkhanitsa. Chidindo cha "Case Tested XX" ndi cha m'ma 1920 mpaka 1940. "Case XX" chokha ndi cha 1940 mpaka 1964. Kuyambira 1965 anawonjezera U.S.A. Mu 1970 anaika timadontho 10 pansi pa dzina, n'kumachotsa kamodzi chaka chilichonse, choncho timadontho 10 ndi 1970, 9 ndi 1971, mpaka kamodzi mu 1979. Timadontho timeneti ndi tating'ono zedi. Munthu akapitapo ndi sandipepa katatu, mpeni wa 1970 umaoneka ngati wa 1974, kapena sitingathenso kuwerenga n'komwe. Palinso nambala, mwachitsanzo 6254: 6 akunena gulu la chigwiriro chogoba, kumene fupa lili, 2 ndi chiwerengero cha zitsulo zodulira, 54 ndi mtundu wa mpeniwo. Samalani, 6 yemweyo anamugwiritsanso ntchito pa zigwiriro zapulasitiki zogoba mofanana ndi fupa, choncho nambala yokha isakunamizeni.

Pali mpeni umodzi umene sundichoka m'mutu. Bambo wina wakwathu amene amakhala kuno anapita kumudzi ku maliro a bambo ake, ndipo pogawana katundu iye anapatsidwa kampeni kamene kanali ka agogo ake, amene anagwirapo ntchito ku migodi ku Joni. Asanabwerere kuno anafuna kuti kaoneke bwino, ndiye anakapereka kwa wowotcherera zitsulo pamsika. Sindimuimba mlandu wowotchererayo, anachita zimene anauzidwa ndi chida chimene anali nacho. Bamboyo atafika kwa ine anakatulutsa mu kampango mosamala, n'kunena kuti, "Achimwene, ndiuzeni chabe kuti agogo anaugula liti. Sindikugulitsa."

Nditauika pansi pa galasi lokulitsa ndinaona nsonga ziwiri za kanyenyezi ndi mbali ya mtanda. Chimenecho ndi chizindikiro cha Joseph Rodgers & Sons ya ku Sheffield, chakale kwambiri, chimene banjalo linalembetsa mu 1764. Pansi pake panatsala zilembo zochepa za "Norfolk", adiresi yawo ya No. 6 Norfolk Street. Zina zonse zinapita ndi galayinda. Pa mipeni yambiri ya Rodgers pamakhala kachisoti kachifumu pakati pa zilembo ziwiri: V ndi R kwa nthawi ya Mfumukazi Victoria, amene analamulira 1837 mpaka 1901, kapena G ndi R kwa Mfumu George. Mawu oti "England" nawo amathandiza, chifukwa anayamba kuoneka kwambiri pambuyo pa lamulo la msonkho la ku America la 1890 limene linafuna kuti katundu wolowa m'dzikolo azilembedwa dziko lochokera. Pamalo pamene zonsezi zikanakhala panali pongoti see. Kutentha kwa galayinda kunapsereza fupa m'mbali, linachita mng'alu kuchokera pa msomali wapakati, ndipo nsonga ya chitsulo inasanduka yabuluu, kusonyeza kuti inafewa ndipo singasungenso kuthwa.

Ndinamuuza zoona: "Bambo, ndi wa ku Sheffield, ndi weniweni, fupanso ndi lenileni. Koma zaka sindingakuuzeni." Anakhala chete nthawi ndithu, kenako anafunsa ngati pali makina oti angaone zilembo zofufutikazo. Chimandipweteka n'chakuti munthuyu sankafuna ndalama. Ankafuna kudziwa ngati agogo ake anaugula watsopano ndi malipiro a kumgodi kapena anaupeza wakale kale, kuti akauze ana ake. Akanangojambula chithunzi chimodzi cha patsinde asanapite kumsika kuja, funso lake likanakhala ndi poyambira. Dzina la Rodgers lokha silikwanira, chifukwa mpaka lero ku Sheffield kukupangidwa mipeni yatsopano ya dzina lomweli.

Tsono pali akatswiri a pa intaneti, amene malangizo awo amandibweretsera mipeni yovulala mwezi ndi mwezi. Wina amati tenthetsani singano muibaye pa chigwiriro, ikalowa ndiye kuti ndi pulasitiki. Musachite zimenezo. Ngati ndi fupa mwasiya chipsera, ngati ndi pulasitiki mwaboola, ndipo ngati ndi celluloid, mtundu wakale wa pulasitiki, mukuseweretsa moto pa chinthu chosachedwa kuyaka. Galasi lokulitsa ndi lokwanira. Fupa lili ndi timabowo ting'onoting'ono ndi timizere takuda mmene munkadutsa mitsempha, makamaka kumapeto kumene kulibe timaenje. Delrin, pulasitiki wa DuPont amene mafakitale ambiri anasamukirako m'ma 1960, ndi wosalala mofanana paliponse, ndipo mukaika mipeni iwiri ya mtundu umodzi pamodzi timaenje take timafanana ndendende chifukwa tinatuluka m'chikombole chimodzi. Pa fupa sizitero.

Ena amati nyikani mpeni wonse mu viniga kapena mu Coca-Cola. Asidi amadya kuda kwabwino kuja, amasiya chitsulo chotuwa mofa, ndipo madziwo amalowa pansi pa fupa pamene simungapukute. Fupa limamwa madzi n'kutupa, likamauma limanyala, ndipo mng'alu umayambira pa misomali. Enanso amati lidyetseni fupa mafuta ophikira. Mafuta amenewo amavunda, amanata, amadetsa fupa mpaka kale. Kadontho ka mafuta opepuka a makina pa mfundo yopindira, ndi nsalu yofewa pa chigwiriro, basi. Supagulu pa mng'alu musathire musanafunse, chifukwa kumuchotsa m'timaenje n'kovuta kuposa kukonza mng'aluwo.

Oipa kwambiri ndi opeka mipeni. Mpeni wa dzina lotchuka ukakwera mtengo, anthu amatenga mpeni wakale wosatchuka, n'kupala dzina lake, n'kudinda Case kapena Remington. Kapena amaphatikiza: fupa la mpeni uwu, chitsulo cha uja. Remington inapanga mipeni yake ku Bridgeport kuyambira 1920 mpaka 1940, ndipo ija ya kachipolopolo pa chigwiriro ndi yofunidwa kwambiri. Kuyambira 1982 kunatulukanso ina ya maonekedwe omwewo, yopangidwa movomerezeka, koma alipo amene amaikalambitsa dala n'kumaigulitsa ngati yoyambirira. Musayambire pa dzina. Tsegulani mpeni muyang'ane kumsana: tsinde la chitsulo liyenera kukhala lokhuthala mofanana ndi sipuling'i yake, kachitsulo kakumsana kamene kamagwira mpeni ukatsegulidwa kapena kutsekedwa. Likakhala lopyapyala, wina analipala. Yang'anani ngati zitsulo zonse zakalamba mofanana ndi chigwiriro. Fupa losalala ndi zaka koma chidindo chakuthwa ngati chadindidwa dzulo, pamenepo bwezani ndalama m'thumba. Ndipo wogulitsa akakana kutumiza chithunzi cha patsinde chapafupi, kapena akamakufulumizitsani kuti pali wina akufuna, musiyeni wina ameneyo agule.

Apa ndinenepo za Okapi, poti zithunzi zake ndimalandira zambiri kuchokera kwathu ndi ku South Africa. Ndi mpeni wa mbiri yake: unayamba kupangidwa ku Solingen, Germany, mu 1902, ndipo mu 1988 ntchitoyo inasamukira ku South Africa. Koma chigwiriro chake chodziwika ndi chamtengo, si fupa, ndipo inapangidwa yochuluka zedi. Ngati wanu walembedwa Germany, usungeni bwino, nawonso musaupale, koma musakonzere bajeti ya malata pa iwo.

Tsono musamve ngati ndikuti ingousiyani mu dilowa muiwale. Pali zinthu zina zosafuna kudikira. Mpeni wosungidwa m'kathumba kachikopa uchotsenimo lero, chikopa chimasunga chinyontho ndipo posachedwa muona zobiriwira zikutuluka pa misomali ndi timapale tamkuwa ta mkati, n'kulowerera m'fupa. Wokhala pawindo uchotseni padzuwa, utoto umasuluka. Mng'alu waung'ono wa pa msomali, mukapitiriza kutsegula ndi kutseka mpeniwo, umayenda mpaka kachidutswa kathothoke, ndipo kakatayika sindingapeze kena kofanana nako. Sipuling'i ikalimba chifukwa cha dzimbiri musaikakamize ndi pulayala. Thirani kadontho ka mafuta mudikire masiku angapo, chifukwa sipuling'i yothyoka imafuna kuphwasula mpeni wonse, ndipo fupa lakale silikonda kuchotsedwa pa misomali yake.

Chimene anthu amachedwa nacho kwambiri ndi celluloid. Mipeni yambiri yakale ili ndi zigwiriro zokongola zonga ngale kapena za mitundu yowala, ndipo ambiri amazisunga m'bokosi limodzi ndi za mafupa. Celluloid akayamba kuwola amatulutsa mpweya wa asidi. Chizindikiro choyamba ndi dzimbiri pa mbali ya chitsulo imene imaonekera mpeni ukakhala wotseka, pomwe mbali yobisika mkati ili bwinobwino. Chigwiriro chimanyala, chimasiya mpata kumapeto, nthawi zina chimamveka fungo lowawasa. Mpweyawo sukhala pa mpeni umodzi, umagwira yonse ya m'bokosimo, ndipo bokosi likakhala lotseka bwino zimafulumira. Kuwolako sikubwezeka, palibe mafuta kapena mankhwala okuletsa. Tsegulani bokosi lanu lero, mpeni uliwonse umene chigwiriro chake mukuchikayikira muupatule, muuike pawokha pamalo opita mphepo, kutali ndi moto, ndipo ya mafupayo muipukute ndi nsalu youma, muijambule mbali zonse ziwiri ndi patsinde pa chitsulo chilichonse musanaipereke kwa wina aliyense, kuphatikizapo ine.