Tchuthi cha pachaka ndi maufulu ena a wantchito: mafunso ndi mayankho

Kuno ku Mzuzu alipo anthu ambiri ogwira ntchito m'mashopu, m'nyumba za anthu ku Katoto ndi ku Chimaliro, kapena m'makampani a ku Luwinga, amene atha zaka zitatu kapena zinayi osapumako. Akafuna kupita kumudzi amachita kupempha mogwada, ngati kuti tchuthi ndi chifundo cha bwana. Chikhalirecho tchuthichi chinalembedwa m'lamulo la ntchito la chaka cha 2000, lotchedwa Employment Act.

Kodi ndiyenera kupuma masiku angati pachaka?

Ngati mumagwira ntchito masiku 6 pa sabata, muyenera kupuma masiku osachepera 18. Ngati mumagwira masiku 5, ndi masiku osachepera 15. Awa ndi masiku ogwira ntchito okhaokha. Tsiku lanu lopuma la pa sabata silowerengedwa, ngakhalenso masiku a tchuthi cha boma monga 15 Januwale, tsiku la Chilembwe, 3 Malichi, kapena 6 Julayi. Masiku onsewo malipiro anu amabwera athunthu. Bwana akhoza kukupatsani masiku ochuluka kuposa pamenepa, koma sangawachepetse, ngakhale mutasainirana pepala.

Ine ndine wantchito wa m'nyumba, tinangogwirizana pakamwa. Lamuloli likundikhudza?

Likukukhudzani ndithu. Apa ndi pamene pamandiwawa kwambiri, chifukwa amene amaponderezedwa koposa ndi omwewa: mtsikana wolera mwana ku Chibavi, mlonda amene amachezera ndi chisanu cha mu Juni, mnyamata wa pachigayo ku Mchengautuwa. Mgwirizano wa pakamwa ndi mgwirizano basi. Amene lamuloli linawapatula ndi asilikali, apolisi ndi ogwira ntchito za ndende, poti iwo ali ndi malamulo awoawo. Komabe pepala limathandiza tsiku la mlandu. Lembani m'kope tsiku limene munayamba ntchito, ndalama zimene mumalandira mwezi uliwonse ndi masiku amene munapumapo. Ngati amakulipirani kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, mauthengawo musafufute.

Nanga amasankha nthawi yopumira ndani?

Bwana ndiye amaika tsiku, koma atakambirana nanu. Tchuthicho chisachedwe kupitirira miyezi 6 chaka chake chikatha, pokhapokha nonse awiri mutagwirizana kuti masikuwo asungidwe. Choncho ngati mukufuna kukathandiza kukolola ku Mzimba kapena ku Rumphi, nenani msanga, musadikire sabata yomweyo.

Sindinakwanitse chaka. Ndiye kuti palibe changa?

Chilipo. Masiku amawerengedwa molingana ndi miyezi imene mwagwira. Wa masiku 6 pa sabata amapeza tsiku limodzi ndi theka mwezi uliwonse, ndiye pa miyezi 8 ali ndi masiku 12. Ntchito ikatha masikuwo musanapume, asanduke ndalama, ndipo ndalama zonse zotsala ziperekedwe pasanathe masiku 7.

Ndikadwala amandidula masiku a tchuthi. N'zololedwa zimenezi?

Ayi, tchuthi cha matenda n'chapadera. Mukakwanitsa miyezi 12 pa ntchito, muli ndi masabata 4 pa malipiro athunthu ndi masabata ena 8 pa theka la malipiro, chaka chilichonse. Chofunika ndi chikalata cha dokotala. Mukapita ku Mapale kapena ku Mzuzu Central Hospital, musatuluke osapempha chikalatacho, chifukwa popanda icho bwana akhoza kunena kuti munangojomba.

Za uchembere zili bwanji?

Mayi ali ndi masabata osachepera 8 pa malipiro athunthu, kamodzi m'zaka zitatu zilizonse, ndipo akabwerako abwerere pa ntchito yake. Kuchotsa munthu chifukwa choti ndi woyembekezera n'kuphwanya lamulo. Kuyambira 2021, pamene lamuloli linakonzedwanso, abambo nawo amapatsidwa masabata awiri mwana akabadwa, kamodzinso pa zaka zitatu. Abambo ambiri sakuzidziwa izi, ndipo ena amachita manyazi kupempha. Pemphani, mayi amene wangochira kumene amafunika womutungira madzi ndi kumuyatsira mbaula.

Maola ogwira ntchito ali ndi malire?

Malire ake ndi maola 48 pa sabata, ndipo pakatha masiku 6 mupume tsiku lathunthu. Maola opitirira amenewo ndi ovataimu. Pa tsiku wamba, ola la ovataimu limalipidwa ngati ola limodzi ndi theka. Mukagwira pa tsiku lanu lopuma kapena pa tchuthi cha boma, ola lililonse limalipidwa kawiri.

Bwana wandiuza kuti mawa ndisabwerenso nditangofunsa za tchuthi. Nditani?

Munthu sachotsedwa ntchito popanda chifukwa chomveka, ndipo ngati akumuneneza kuti walakwa kapena sakugwira bwino ntchito, ayenera kupatsidwa mpata wodziteteza kaye. Kufunsa ufulu wanu si mlandu. Wolipidwa pamwezi amayeneranso kupatsidwa notisi ya mwezi umodzi kapena malipiro a mweziwo, kupatula ngati wapalamula zazikulu monga kuba.

Musalimbane naye pageti. Tengani kope lanu lija mupite ku ofesi ya Leba pasanathe miyezi itatu chichotsedwereni ntchito. Wa Leba amaitana mbali zonse ziwiri kuti mukambirane. Zikakanika, nkhaniyo imapita ku Industrial Relations Court, khothi loona milandu ya pantchito, limene lilipo konkuno ku Mzuzu. Kumeneko mukhoza kudziyankhulira nokha popanda loya, ndipo amene amayenera kupereka chifukwa chimene munachotsedwera ndi bwanayo.