Ntchito ndiyo inayamba, kalasi inabwera pambuyo

Chaka ndi chaka dandaulo ndi lomwelo: ana a m'makoleji a ntchito zamanja akusowa kochitira atachimenti, kutanthauza kukaphunzira ntchito yeniyeni ku kampani. Mtsikana waphunzira zowotcherera miyezi ingapo, nthawi yoti akagwire zitsulo zenizeni yakwana, koma akungoyenda geti ndi geti, kalata ili m'manja mpaka kuda ndi thukuta. Ena amayesa kuti zotumiza ophunzira ku makampanizi zinabwera dzana ndi TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja. Iyayi, ndi zakale kuposa makoleji onse amene tili nawo.

Mwana wa wosula makasu ankayamba ndi kuvukuta mvukuto pa chipala, maso ali pa manja a bambo ake, ndipo nyundo ankaigwira patapita nthawi. Woumba mbiya naye ankayamba ndi kukanda dongo. Azungu a mishoni atafika sanathe kuizemba njira imeneyi.

Mukapita ku Blantyre Mission mukaimirire pafupi ndi khoma la tchalitchi cha St Michael and All Angels, muziyang'ane njerwa zija imodzi imodzi. Chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891. Mbusa David Clement Scott, amene ankatsogolera, sanaphunzire za zomangamanga, ndipo panalibe pulani yojambulidwa ya nyumba yonse. Amene ankagwira ntchitoyo anali anthu akuno, osadziwa kale kumanga kotere. Njerwa ankaumba ndi kuwotcha pomwepo, za maonekedwe osiyanasiyana, mtundu uliwonse ndi chikombole chake. Ankayamba ayesa kuziyala popanda matope, aone ngati zikhala, kenako n'kumanga. Munthu wobwera kudzasenza njerwa ankachoka ali mmisiri. Tchalitchicho chikadaima, patha zaka zoposa 130, ndipo ine ndimachiona ngati koleji yoyamba ya zomangamanga m'dziko muno, ngakhale sichinapereke satifiketi kwa aliyense.

Amene anaika dongosolo lenileni ndi Robert Laws. Iyeyu asanakhale dokotala ndi mbusa anaphunzira ukalipentala kwawo ku Aberdeen, ntchito ya bambo ake, choncho ankadziwa kuti thabwa silipalidwa ndi pakamwa. Mishoni ya Livingstonia itachoka ku Cape Maclear kupita ku Bandawe mu 1881, kenako n'kukwera phiri la Khondowe mu 1894, iye anatsegula Overtoun Institution motengera sukulu ya Lovedale ya ku South Africa. Anyamata ankachita pangano lokhala zaka zingapo pansi pa mmisiri, kuphunzira ukalipentala, kumanga, kusindikiza mabuku ndi kutumiza mauthenga pa lamya. Zimene ankapanga sizinali zongoyeserera n'kutaya. Zitseko, mabenchi, mabuku a nyimbo, zonse zinali zoti anthu agwiritse ntchito mawa lake. Nyumba ya Stone House ya mu 1903 ndi ya m'nyengo imeneyo.

Koma bala limene likutipwetekabe linaonekera pomwepo. Nyasaland inalibe mafakitale oti n'kulemba amisiri onsewo, ndiye ambiri analowera ku Rhodesia ndi ku Joni. Tinkaphika ife, odya ali kwina.

Titalandira ufulu mu 1964 makoleji anakula, ena a boma ena a mipingo: Soche, Lilongwe, Namitete, Mzuzu, Livingstonia, Salima, Nasawa. Wophunzira ankasinthanasinthana, miyezi ina ku koleji, ina ku kampani, ndipo ankakwera ndi mayeso a tiredi tesiti kuchoka pa giredi 3 kufika pa giredi 1. Nawonso a Payoniya ankaphunzitsa ulimi ndi ntchito zamanja m'malo awo, mpaka asilikali atawalanda zida mu Disembala 1993. Zaka zomwezo makampani a boma anayamba kugulitsidwa, ena kutsekeratu, ndipo malo ophunzirira ntchito anapita nawo limodzi.

TEVETA inabadwa mu 1999 mwa lamulo la Nyumba ya Malamulo, ndipo olemba anthu ntchito amapereka msonkho wa 1 peresenti ya malipiro a antchito awo kuti uthandize maphunzirowa. Mkangano wagona apa. Bwana amati ndalama ndapereka kale, mwana wosadziwa ntchito andithyolera makina. Koleji imati popanda makinawo mwanayo adziwa bwanji? Kuchokera mu 2015, boma litayamba kutsegula makoleji a m'madera monga wa ku Ngara m'boma la Karonga, ophunzira achuluka, zomwe n'zabwino ndithu, koma mageti ogogodapo sanachuluke nawo.

Chimene chimandiwawa n'chakuti njira ya makolo ija sinafe, ife ndi amene timaiyang'anira pansi. Pitani ku Biwi kapena ku Mchesi mu Lilongwe, pitani ku Ndirande. Mupeza mnyamata wagona chagada pansi pa minibasi, mkulu wa pa galaja akumuuza kuti, "Iwe, patse sipanala ya 17, umve mmene injiniyi ikulirira." Kuseri kwake wina akupala matabwa a bedi limene mwini wake walipira kale theka. Amisiri amenewa amaphunzitsa achinyamata ambirimbiri opanda kalata ya koleji, ena a iwo osamaliza n'komwe Sitandade 8. Mtsikana wa kalata yothimbirira uja amadutsa pomwepo m'mawa uliwonse, pa ulendo wokagogodanso ku mafakitale a ku Kanengo.