Mafunso ndi mayankho okhudza nambala ya 720720

Kodi 720720 imapangidwa ndi nambala ziti?

Onani kuti 720 yalembedwa kawiri. Nambala iliyonse ya madijiti atatu ikabwerezedwa chonchi, ndiye kuti yachulukitsidwa ndi 1001. Choncho 720720 = 720 × 1001. Tsono 1001 ndi 7 × 11 × 13, pomwe 720 ndi 16 × 9 × 5. Tikaiphwanya mpaka kufika pa ma prime, omwe ndi nambala zogawika ndi 1 ndi mwini wake basi, timapeza 2⁴ × 3² × 5 × 7 × 11 × 13.

Ndi nambala zingati zimene zimaigawa popanda chotsala?

Zilipo 240. Tengani kanambala kapamwamba ka prime iliyonse, wonjezerani 1, kenako chulukitsani: 5 × 3 × 2 × 2 × 2 × 2 = 240. Pamene palibe kanambala kapamwamba, werengerani kuti ndi 1.

Ambiri amaiwala kuwonjezera 1 uja, n'kupeza 8. Chifukwa chake chowonjezera n'chakuti mu nambala yoigawa, 2 akhoza kulowamo kamodzi, kawiri, katatu, kanayi, kapena osalowamo n'komwe. Njira ndi zisanu, osati zinayi.

Kodi 240 ndi zambiri?

Kwambiri. Palibe nambala yocheperapo imene imafika pamenepo. Imene ikuyandikirako ndi 665280, ndipo ili ndi nambala 224 zoigawa. Nambala zoposa zinzake zonse zam'munsi chotere zimatchedwa highly composite, ndipo Srinivasa Ramanujan, katswiri wa masamu wa ku India, anazifufuza mozama m'chaka cha 1915. Chokoma china n'chakuti 720720 ndi nambala yaing'ono kwambiri imene imagawika ndi nambala zonse kuyambira 1 mpaka 16. Pa 17 pamatsala 5.

Ndingatsimikize bwanji popanda kalikuleta?

Pa 9, phatikizani madijiti: 7+2+0+7+2+0 = 18, ndipo 18 amagawika ndi 9. Pa 11, sinthanitsani kuchotsa ndi kuphatikiza: 7−2+0−7+2−0 = 0, kusonyeza kuti imagawika ndi 11. Pa 16, yang'anani madijiti anayi omaliza okha, 0720: 720 ÷ 16 = 45.

Chenjerani pophatikiza mayesowa. Nambala ikagawika ndi 4 komanso 6, sikuti yagawika ndi 24. 12 ndi umboni. Zimatheka pokhapokha nambala ziwirizo zisakhale ndi prime yofanana, monga 8 ndi 3.

Kodi ndi sikweya, nambala yopezeka pochulukitsa nambala ina ndi mwini wake?

Ayi. 848 × 848 = 719104, ndipo 849 × 849 = 720801. 720720 ili pakati pa ziwirizi.

Nanga ili m'gulu la perfect, abundant kapena deficient?

Phatikizani nambala zonse zoigawa, kusiyapo mwini wake. Zikafanana ndi nambalayo, monga 6 = 1+2+3, ndi perfect; zikachepa ndi deficient; zikapitirira ndi abundant. Simukufunika kulemba zonse 240. Pa 16 phatikizani 1+2+4+8+16 = 31, pa 9 mupeza 13, pa 5, 7, 11 ndi 13 mupeza 6, 8, 12 ndi 14. Mukachulukitsa zonsezi mupeza 3249792. Chotsani 720720, patsala 2529072, zomwe zikuposa nambalayo katatu ndi theka. Choncho ndi abundant.