Mlandu wa asilikali aganyu omwe anagwidwa ku Harare

Pa 7 Malichi 2004, ndege ya mtundu wa Boeing 727 yochokera ku South Africa inatera pa bwalo la ndege la Harare itanyamula amuna oposa 60. Pansi pankawadikira Simon Mann, Mngelezi amene kale anali msilikali wa gulu lapadera la asilikali a Britain la SAS. Iyeyu anali ataitanitsa mfuti ndi zipolopolo ku kampani ya boma ya Zimbabwe Defence Industries, ndipo ndegeyo inabwera kudzatenga katunduyo. Onse anagwidwa katunduyo asanakwezedwe m'ndege.

Mann ankati akupita kukalondera migodi ku Congo. Koma zinadziwika kuti ulendowo unali wa ku Equatorial Guinea, dziko laling'ono la mafuta ambiri, kukachotsa Pulezidenti Teodoro Obiang Nguema pampando kuti alowepo Severo Moto, mtsogoleri wotsutsa boma yemwe ankakhala ku Spain. Ku Malabo, likulu la dzikolo panthawiyo, nako anagwira gulu lina lotsogoleredwa ndi Nick du Toit.

Chodabwitsa n'chakuti chiwembu chachikulu chonchi chinazengedwa ndi malamulo wamba. Boma limene ankafuna kuligwetsa silinali la Zimbabwe, choncho oimira boma anagwira zimene zinali m'manja mwawo: malamulo olowera m'dziko, a kayendedwe ka ndege, a mfuti ndi a chitetezo. Khothi linakhala mkati mwa ndende ya Chikurubi momwemo. Mu Seputembala 2004 majisitireti anagamula kuti Mann akaseweze zaka 7 chifukwa chofuna kugula zida popanda chilolezo. Oyendetsa ndege awiri anapatsidwa miyezi 16, ndipo ambiri mwa otsalawo miyezi 12 pa mlandu wophwanya malamulo olowera m'dziko. Ndegeyo boma linalanda. Mann atadandaula ku khothi lalikulu, chilango chake chinatsitsidwa kufika zaka 4 kumayambiriro kwa 2005.

Mtima wanga umapita kwa amuna a miyezi 12 aja, omwe mayina awo sakumbukika. Ambiri anali akuda, ena obadwira ku Angola, amene anamenyera nkhondo boma la tsankho la South Africa mu gulu la 32 Battalion. Gululo litathetsedwa mu 1993, mabanja awo anatsala ku Pomfret, tauni ya mgodi wakale wa asbestos kufupi ndi chipululu cha Kalahari, kopanda ntchito, kopanda munda woti n'kudalira. Kwawo ku Angola ankaonedwa ngati ogulitsa dziko, ku South Africa yatsopano ngati zotsalira za adani. Munthu wotero ukamuuza kuti kuli ganyu ya ulonda yolipira madola, sakhala pansi kufunsa kuti mgodiwo uli pati. Sindikunena kuti analibe mlandu, poti zidazo zikanapha anthu ku Malabo. Koma iwo anagona pa simenti ya Chikurubi mpaka mu Meyi 2005, pamene Mark Thatcher, mwana wa nduna yaikulu yakale ya Britain, atavomera ku Cape Town mu Januwale 2005 kuti anapereka ndalama zobwerekera helikopita imene ankaiganizira kuti ingagwiritsidwe ntchito ndi asilikali aganyu, analipira chindapusa cha ma rand 3 miliyoni, n'kupatsidwa zaka 4 zoseweza ali kunja, basi n'kumapita.

Apilo ija sinam'pulumutse Mann. Atamaliza ukaidi wake mu 2007 sanatuluke, chifukwa Equatorial Guinea inali itam'pempha. Maloya ake analimbana nazo m'makhothi ponena kuti kumeneko akazunzidwa, koma kumayambiriro kwa 2008 anamukweza ndege ya ku Malabo. Mu Julayi chaka chomwecho anagamulidwa zaka 34 ndi miyezi inayi, n'kutsekeredwa m'ndende ya Black Beach, momwe munali kale du Toit. Mu Novembala 2009 Obiang, munthu amene ankafuna kum'gwetsa uja, anawakhululukira onse awiri. Mann anabwerera ku England, kumene anamwalira mu Meyi 2025, Obiang akadali pampando womwe anaukhala mu 1979.