Jaisalmer, mzinda wa m'chipululu umene ukugumuka ndi madzi

Kumadzulo kwenikweni kwa India, m'chigawo cha Rajasthan, kuli boma la Jaisalmer lomwe linachita malire ndi Pakistan. Kukula kwake ndi masikweya kilomita 38,401, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a Malawi yense ndi nyanja yomwe. Koma pa kalembera wa 2011 munapezeka anthu 669,919 okha, ndiye kuti anthu 17 pa sikweya kilomita. Kumeneku ndi ku chipululu cha Thar, kumene mvula ya chaka chathunthu imangozungulira pa mamilimita 200, ndipo m'miyezi ya Meyi ndi Juni kutentha kumapitirira madigiri 45.

Ine ntchito yanga ndi ya madzi: mapaipi, ngalande ndi madamu ang'onoang'ono. Anzanga akamakamba za Jaisalmer amatchula ngamila ndi milu ya mchenga, koma ine mtima wanga uli pa madzi, chifukwa mbiri yonse ya malowa yayenda motsatira madziwo.

Mzinda wa Jaisalmer, likulu la bomali, anauyambitsa ndi Rawal Jaisal, mfumu ya fuko la Bhati, mu 1156. Anamanga linga pamwamba pa phiri la Trikuta ndi miyala yachikasu ya komweko, imene dzuwa likamalowa imawala ngati golide, n'chifukwa chake eniake amalitcha Sonar Quila, linga la golide. Munthu angadabwe kuti mfumu inkafunanji kumalo kopanda mtsinje. Inkafuna njira. Apa ndi pamene pankadutsa milongo ya ngamila zonyamula katundu pakati pa India, Sindh, Persia ndi maiko a pakati pa Asia, ndipo aliyense wodutsa ankasiya msonkho. Amalonda, ambiri mwa iwo a chipembedzo cha Jain, analemera kwadzaoneni. Anamanga akachisi m'lingamo m'zaka za m'ma 1400 ndi 1500, ndipo pambuyo pake anamanga nyumba zosanja zimene kumeneko amati haveli. Yotchuka kwambiri ndi Patwon ki Haveli, imene Guman Chand Patwa anayamba kumanga mu 1805, nyumba zisanu zogundizana, mwana wamwamuna aliyense yake.

Ukaimirira pansi pa nyumba zimenezi m'kanjira kopanikiza, umayamba waganiza kuti mazenerawo ndi matabwa osema. Ukakhudza ndi pamene umadziwa kuti ndi mwala, wobooledwa timabowo tating'onoting'ono ngati sefa, kuti mphepo izilowa koma dzuwa lizitsalira panja. Amisiri aja ankadziwanso kusunga madzi. M'malo ambiri miyala ankangoisema n'kuilumikiza, wina kulowa mwa unzake, osathira matope pakati, poti matope amadya madzi ndipo madziwo panalibe oti n'kuseweretsa.

Madzi a mzinda wonse ankachokera ku Gadisar, dziwe lokumba la m'zaka za m'ma 1300 limene limasonkhanitsa madzi a mvula ochokera m'zitunda zozungulira. Mabanja ankakhalanso ndi dzenje lowaka pansi, lotchedwa tanka, losungiramo madzi a padenga ndi pabwalo. Madzi okwera nawo kulinga ankachita kusenza, ndiye munthu sankataya chisawawa. Osambira omwewo ankachapira, otsala n'kukolopera.

Chimene chimandigwira mtima koposa ndi ulimi wa khadin, umene amati anaukhazikitsa ndi anthu a fuko la Paliwal. Amaunda mtumbira wautali wa dothi kumunsi kwa malo otsetsereka. Mvula ikagwa, madzi othamanga kuchokera m'miyala amaima kuseri kwa mtumbirawo n'kumalowa pansi pang'onopang'ono, atasiya dothi lachonde limene anakokolola. Akaphwa, mlimi amadzala tirigu kapena nyemba za chana pa chinyonthocho, n'kukolola popanda kuthirira. Wa ku Nsanje kapena ku Chikwawa amene amadzala m'dimba madzi a Shire akabwerera sangavutike kumvetsa nzeru imeneyi, ndipo angazindikirenso chakudya chawo, poti tsiku ndi tsiku kumeneko amadalira mchewere, umene amautcha bajra. Ndiwo yotchuka ndi ker sangri, ya tizipatso touma ndi nyemba za mtengo wa khejri. A Paliwal aja anasiya midzi yawo, monga wa Kuldhara, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800. Nkhani ya pakamwa imaloza chala nduna yankhanza Salim Singh, koma akatswiri ena amati zitsime zinkaphwa.

Chuma cha ngamila chinatha pang'onopang'ono. Angelezi atakuza doko la Bombay, katundu anayamba kuyenda pa sitima zapamadzi ndi pa njanji. Kenako mu 1947 India ndi Pakistan atagawana, malire anatseka njira yakale ija ndipo Jaisalmer inangokhala kumathero kwa msewu. Zimene zinaikumbutsa boma la India ndi nkhondo zake ndi Pakistan za 1965 ndi 1971. Nkhondo ya ku Longewala ya mu Disembala 1971 inamenyedwera m'boma lomweli, ndipo ku Pokhran, komwe India inayesera mabomba a nyukiliya mu 1974 ndi 1998, ndi m'boma lomwelinso. Asilikali anabwera ndi misewu. Ngalande yaikulu ya Indira Gandhi, yotenga madzi a mitsinje ya Sutlej ndi Beas ku Punjab, inafikitsa madzi kumene sanayendeko chiyambire. Alendo odzaona malo anatsatira.

Apa ndi pamene vuto linayambira. Linga la Jaisalmer si bwinja, mukukhala anthu zikwi zingapo mpaka lero, m'nyumba zimene makolo awo anasiya. Alendo atachuluka, nyumba zambiri zinasanduka malo ogona ndi odyera, zokhala ndi mashawa ndi zimbudzi zamadzi. Madzi amene kale ankakwera ndi mitsuko anayamba kukwera ndi mapaipi, koma ngalande zotulutsira zinali zomwe zija, zopangidwira madzi ochepa. Otsala analowa pansi. Tsono phiri la Trikuta lili ndi dongo m'kati mwake. Dongo likauma limalimba ngati njerwa, koma likanyowa limafufuma n'kumatereka, ndipo chilichonse chokhala pamwamba pake chimasuntha. Nyumba zinang'aluka, mbali ina ya nyumba yachifumu inagwa, ndipo mvula yamphamvu ya mu 1999 inagwetsa zina mwa nsanja 99 zozungulira lingali. Bungwe la World Monuments Fund linaliika pa mndandanda wa malo amene ali pangozi mu 1996. Mu 2013 UNESCO inalilemba m'gulu la chuma cha dziko lonse pamodzi ndi malinga ena asanu a ku Rajasthan, koma dzina lokhalo silitseka paipi yodontha. Ukazungulira m'munsi mwa khoma umaona mizere yakuda ya chinyezi pa mwala wachikasu uja, ndipo kwa munthu wa ntchito yanga, mzere wotero ndi chizindikiro chakuti pansipo zinthu sizili bwino.

Kunja kwa mzinda kukuchitika zofananako. Mphepo ndi dzuwa zasanduka chuma, ndipo makina opanga magetsi ndi mphepo a m'bomali amatha kutulutsa mamegawati oposa 1,000. Koma nthambo za magetsiwo zikupha godawan, mbalame yaikulu ngati nkhukundembo yomwe padziko lonse yatsala yosakwana 200. Maso ake ali cham'mbali, ndiye ikamauluka siiona nthambo msanga, komanso kawirikawiri imaikira dzira limodzi lokha pachaka. Mu 2021 khoti lalikulu la India linalamula kuti nthambo za m'madera ake zizidutsa pansi, kenako mu 2024 linafewetsa lamulolo. Abusa nawonso akudandaula kuti malo awo odyetsera ziweto otchedwa oran, amene makolo ankawalemekeza osadulamo mtengo, akuperekedwa kwa makampani.

Sindikunena kuti alendo asiye kupita. Ndalama zawo ndi zimene zikudyetsa oyendetsa ngamila ku milu ya mchenga ya Sam, makilomita pafupifupi 40 kuchokera mumzinda, makamaka pa chikondwerero cha m'chipululu cha mu Febuluwale. Ndi zimenenso zapatsa msika watsopano oimba a fuko la Manganiyar, Asilamu amene kwa mibadwomibadwo akhala akuimbira mabanja achihindu pa maukwati ndi pa kubadwa kwa ana, ndi chida chawo chokhwekhweza chotchedwa kamaicha. Mabanja a m'lingamo nawo ali ndi ufulu wosamba ndi madzi a pampopi monga wina aliyense, ndipo kuwatulutsa kungakhale kupha chimene alendowo amadzera. Chofunika ndi mapaipi a zonyansa osadontha, owaona pafupipafupi, komanso malire pa kuchuluka kwa zipinda za alendo pamwamba pa phirilo. Pamene izi zisanakhazikike, amene amandifunsa ndimawauza kuti akwere m'lingamo masana, adye, agule nsalu kwa eniake, koma kukada akagone kumunsi kwa phiri ndi kukasambira komweko.